Momwe mungayerekezere njinga zamoto zamagetsi musanagule mu Harare

Anthu ambiri akwathu amene amakhala ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Epworth amadyera pa njinga yamoto, ena poperekera zakudya ndi mankhwala m'makomo, ena ponyamula makalata ndi zipangizo za makampani. Popeza petulo amadya gawo lalikulu la ndalama zimene munthu wapeza pa tsiku, nkhani ya njinga zamagetsi yayamba kumveka kawirikawiri tikakumana. Chodetsa nkhawa n'chakuti wogula amangopatsidwa pepala la manambala, amazungulira pang'ono pabwalo losalala la sitolo, kenako amatulutsa ndalama zimene wakhala akusunga kwa nthawi yaitali. Njinga ziwiri zofanana papepala zimatha kuyenda mosiyana kwambiri pamsewu wa maenje, chifukwa kayendedwe ka njinga kamachokera pa malo amene mota yaikidwa, pamene batire lakhazikika, kukula kwa magudumu, ndiponso mmene mphamvu imatulukira mukapotokola handulo. Zimenezi sizilembedwa papepala, koma aliyense wodziwa kukwera njinga angathe kuziyesa yekha, malinga akwere njinga ziwiri kapena zitatu pa njira imodzi, tsiku limodzi, atanyamula katundu wofanana.

Musanapite kwa wogulitsa aliyense, yambani mwalemba ntchito yanu. Kwa mlungu wathunthu, lembani makilomita amene mwayenda tsiku lililonse pa njinga imene muli nayo panopa, katundu wolemera koposa amene munanyamula, ndi maola amene magetsi anayaka kunyumba. Munthu amene amangozungulira pakati pa tawuni ndi Avondale safunikira njinga yofanana ndi ya mnzake wopita ku Chitungwiza, komwe kuli pafupifupi makilomita 25 kuchokera pakati pa mzinda, amenenso amathamanga pa Seke Road pamodzi ndi makombi. Nambala ya tsiku limene munayenda kwambiri ndi imene muyenera kupita nayo kusitolo.

Mukafika, musayambe ndi kufunsa kuti njingayo imayenda mtunda wautali bwanji, chifukwa yankho lake limakhala la munthu wopepuka, woyenda pang'onopang'ono pamsewu wopanda chitunda. Pemphani kuti akutsegulireni pamene pali batire, muwerenge nokha kachitsulo kapena kapepala komatidwa pamenepo. Mudzaona manambala awiri, wina wotsatidwa ndi V ndipo wina ndi Ah. Mukawachulukitsa mumapeza mphamvu yonse imene batire limasunga: batire la 72V ndi 40Ah limasunga 2,880Wh, kapena kuti 2.88kWh, pomwe la 60V ndi 30Ah limasunga 1,800Wh basi. Njinga ya msinkhu wa zija za 125cc kapena 150cc zimene tinazolowera imadya pakati pa 30Wh ndi 50Wh pa kilomita, malinga ndi katundu komanso liwiro. Tikatenga 40Wh, batire la 2,880Wh likuyendetsani makilomita 72, ndipo popeza si bwino kulitheratu tsiku ndi tsiku, werengerani makilomita osapitirira 60. Liwiro ndi limene limadya kwambiri, pakuti mphepo yokankha pachifuwa imakula kanayi mukawirikiza liwiro kawiri. N'chifukwa chake njinga yokwanira tsiku lonse pakati pa tawuni imatha kukutherani panjira pochokera ku Chitungwiza.

Funsaninso mtundu wa batire, ndipo musavomere yankho longoti ndi lithium. Mitundu iwiri yodziwika ya mabatire a lithium ndi LFP ndi NMC. Mabatire a LFP amalemera pang'ono kuposa a NMC osunga mphamvu yofanana, koma amapirira kutentha, sagwira moto msanga, ndipo amatchajidwa kambirimbiri asanafooke, nthawi zambiri maulendo opitirira 2,000. A NMC ndi opepuka, motero njinga imamveka yofewa pokhota, koma amakalamba msanga akamatchajidwa tsiku lililonse kunja kukutentha ngati mu October. Kwa munthu wodyera pa njinga, ine ndimasankha LFP mosakayika. Kulinso njinga zotchipa zoyendera mabatire amtovu ngati a galimoto. Zimenezo zisiyeni, chifukwa n'zolemera kwambiri ndipo mabatire ake amafooka pakangotha maulendo mazana ochepa otchaja.

Tsopano yang'anani pamene pali mota, ndipo apa m'pofunika kudekha chifukwa ndi pamene pagona kusiyana kwakukulu. Njinga zambiri zotchipa, komanso ma scooter monga a kampani ya Niu, zili ndi mota mkati mwa gudumu lakumbuyo. Mudzaizindikira mosavuta: pakati pa gudumu pamakhala chimbale chachikulu chachitsulo, chingwe chokhuthala chimalowa kudzera mu ekiselo, ndipo tcheni palibe. Ubwino wake ndi woona. Ziwalo zoyenda ndi zochepa, palibe chothira mafuta kapena kukunga, ndipo njinga imayenda mwakachetechete. Koma mota imeneyi imawonjezera makilogalamu ambiri pa gudumu lenilenilo, kunsi kwa masipuling'i. Gudumu lopepuka likagunda m'mphepete mwa dzenje limadumpha pang'ono, ndipo sipuling'i imalibwezera pansi mwamsanga. Gudumu lolemera limadumpha mwamphamvu, limakankha njinga yonse pamodzi ndi msana wa wokwera, ndiponso limachedwa kubwerera pamsewu, kutanthauza kuti pa kanthawi kameneko tayala silikugwira phula. Zikachitika mukuyenda molunjika mumangomva kupweteka m'chiuno, koma zikachitika muli pakati pokhota, kumbuyo kwa njinga kumaterereka. Kugunda kobwerezabwereza kumeneku kumapindanso limu, kumadula masipoko, ndipo kumatopetsa mabering'i amene ali mkati mwa mota momwemo. Tayala likaphwa, woziga ayenera kumasula chingwe cha mota asanachotse gudumu, ndipo akalikoka mosasamala amapotokola mawaya a mu ekiselo.

Mtundu wachiwiri uli ndi mota pakati pa felemu, pafupi ndi pamene pamakhala injini, ndipo mphamvu imafika kugudumu kudzera pa tcheni kapena lamba. Super Soco TC Max ndi Sur-Ron Light Bee ndi zitsanzo za mtundu umenewu, chimodzimodzinso njinga zazikulu za Zero Motorcycles za ku California, zimene zimagwiritsa ntchito lamba. Pamenepa gudumu lakumbuyo limakhala lopepuka ngati la njinga ya petulo, ndipo mota imazungulira mofulumira ngakhale njinga ikuyenda pang'onopang'ono, choncho siitentha msanga pokwera chitunda ndi katundu. Mota ya m'gudumu imazungulira pa liwiro la gudumu lomwelo, ndipo ikamakoka katundu wolemera pang'onopang'ono, mphamvu yambiri imasanduka kutentha m'malo mokankha njinga. Pakati pa lamba ndi tcheni, lamba ndi waukhondo ndipo safuna mafuta, koma kamwala kakalowa pakati pa iye ndi mano a gudumu amatha kung'ambika, pamene kupeza wina wa msinkhu womwewo kuno si kwapafupi. Tcheni chimafuna kutsuka ndi kukunga, koma makaniko wa ku Gazaland ku Highfield kapena wa mu Kaguvi Street amachidziwa bwino. Kwa amene amayenda misewu yafumbi ya ku Epworth kapena ku Hopley, mota yapakati yokhala ndi tcheni ndi imene ndingalimbikitse. Mota ya m'gudumu imayenera munthu wonyamula zopepuka m'misewu yosamalika.

Manambala a mphamvu ya mota nawonso amakhala awiri. Pali mphamvu imene mota imapereka mosalekeza, ndi ina yapamwamba imene imapereka kwa masekondi ochepa isanatenthe. Ogulitsa amakonda kutchula yapamwambayo, koma inu yerekezerani yosalekeza. Apa njinga yamagetsi ili ndi mwayi umodzi umene ambiri sauganizira: Harare ali pamtunda wa pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopyapyala, ndipo injini ya petulo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse okwera. Mota yamagetsi siipuma mpweya, motero imakoka mofanana kuno ndi ku Beira, m'mphepete mwa nyanja.

Musanayatse njinga, ichotseni pasitandi ndi kuikankha masitepe angapo, kenako muipendeketse kumanja ndi kumanzere muli chiimire. Batire ndi chinthu cholemera koposa pa njinga yamagetsi. Likakhala m'munsi, pakati pa magudumu awiri, njinga imapendekeka mofatsa ndi kubwerera mosavuta. Likakhala m'mwamba pansi pa chishalo kapena chakumbuyo, mudzamva njinga ikufuna kukugwerani m'manja, ndipo mukadzamangirira bokosi la katundu pakaliyala vutolo lidzakula. Gwedezaninso batire lochotsekalo ndi dzanja. Ngati likugogoda m'malo mwake njinga ili chiimire, m'maenje lidzagogoda kwambiri mpaka pulagi yake idzayamba kuthetheka ndi kupsa.

Werengani kukula kwa magudumu pambali pa tayala. A mainchesi 17 kapena 18 amadutsa pamwamba pa dzenje limene gudumu la mainchesi 10 kapena 12 la scooter limagweramo, ndipo matayala ake amapezeka paliponse chifukwa ndi omwewo a njinga za petulo. Pambali pomwepo pali manambala anayi osonyeza pamene tayala linapangidwa: 2523 akutanthauza mlungu wa 25 wa chaka cha 2023. Ngati njinga akuti ndi yatsopano koma matayala ake ndi a zaka zitatu zapitazo, dziwani kuti batire nalonso lakhala m'nyumba yosungira katundu nthawi yonseyo. Kenako gwirani buleki yakutsogolo ndi kukankhira mahandulo pansi mwamphamvu. Kutsogolo kwa njinga kuyenera kutsika mosalala ndi kubwerera kamodzi, osati kudumphadumpha. Mukamva kugogoda pakhosi pa felemu, ndiye kuti mabering'i a pamenepo ndi olekeka. Khalani pachishalo ndipo mnzanu akhale kumbuyo. Ngati ma shock akumbuyo atsika mpaka kutsala pang'ono kutha, njingayo sinapangidwire katundu.

Tsopano kwerani. Wogulitsa wokana kuti mutuluke ndi njinga pageti, ngakhale mutasiya chitupa kapena mutapita ndi wantchito wake, wakuuzani kale zambiri za katundu wake. Valani helimeti, mangani katundu wolemera ngati amene mumanyamula pa ntchito, ndipo tsatirani njira imodzi pa njinga zonse.

Yambani pang'onopang'ono, pa liwiro la munthu woyenda pansi, mukhote mozungulira pamalo opanikiza. Njinga yamagetsi ilibe kilachi, choncho chimene chimaweruza ngati inyamuke mofatsa kapena modumpha ndi kabokosi kotchedwa controller, kamene kamagawa magetsi pakati pa batire ndi mota. Controller yokonzedwa bwino imatulutsa mphamvu molingana ndi mmene mwapotokolera handulo. Yokonzedwa mosasamala imakhala chete poyamba, kenako imatulutsa mphamvu yonse kamodzi, ndipo njinga imalumpha. Pabwalo la sitolo kulumpha kumeneku kumasangalatsa, munthu n'kumaganiza kuti wapeza njinga yamphamvu, koma pakati pa anthu ndi zingolo ku Mbare Musika, kapena pamatope a mu January, ndi kumene kumagwetsa. Yesani kupatsa moto pang'ono, kusiya, ndi kupatsanso, kangapo konse. Njinga imene imakumverani pa liwiro laling'ono ndi imene mudzakhala nayo bwino tsiku lonse pamaloboti ndi pamizere ya magalimoto. Imbaninso hutala, chifukwa oyenda pansi sakumva kubwera kwanu monga amamvera njinga ya petulo.

Mukatero pitani pamsewu wokumbika umene mumaudziwa, mudutse maenje omwewo ndi mabampu omwewo pa liwiro lofanana. Mvetserani zinthu zitatu: mmene kugunda kukufikira m'manja ndi m'chiuno, ngati njinga ikusunga njira yake kapena ikukankhidwira pambali, ndiponso ngati pansi pake pakukhula bampu. Chomalizachi n'chofunika kwambiri, pakuti pa njinga zambiri chimene chili pansi penipeni ndi bokosi la batire. Pamsewu wowongoka ndi wopanda magalimoto, fewetsani manja pa mahandulo osawasiya. Njinga yabwino imayenda molunjika, pomwe yopindika felemu kapena yolemera kumbuyo imayamba kugwedeza mutu. Pokhota, onani ngati imatsatira mzere umene mwasankha, kapena ngati mukuchita kuikakamiza kuti ipendekeke.

Chitunda musachidumphe. Msewu wokwera phiri la Kopje uli pafupi ndi pakati pa tawuni ndipo ndi wokwanira. Imani pakati pa chitunda muli ndi mnzanu kumbuyo, kenako nyamukaninso. Kwerani kawiri kapena katatu motsatizana, ndipo mukafika pamwamba komaliza yandikizani dzanja pa mota ndi pa controller mosamala. Kufunda n'kwachibadwa, koma ngati mphamvu yachepa paulendo wachitatu, kapena pagalasi losonyeza liwiro paoneka chenjezo la kutentha, njingayo siidzapirira ntchito ya tsiku lonse. Potsika, onani ngati mota ikuthandiza kugwira njinga mukasiya handulo. Njinga zina zimabwezera mphamvu pang'ono m'batire mwa njira imeneyi, zimene zimasunganso mabuleki, koma kugwira kumeneku kumachepa kapena kuzimiratu batire likakhala lodzaza, choncho musakudalire.

Pali chinthu china chimene ogulitsa sakonda. Iwo amakupatsani njinga yodzaza batire, pamene mphamvu ili pachimake. Pemphani kubweranso madzulo, kapena pemphani batire limene latsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, mukwerenso chitunda chomwecho. Njinga zambiri zimachepetsa mphamvu zokha batire likatsika, ndipo zina zimachepetsa kwambiri mpaka kulephera kupikisana ndi magalimoto pa Simon Mazorodze Road. Muyenera kudziwa khalidwe la njinga pa ola limene mukubwerera kunyumba mutatopa, osati m'mawa mokha. Yang'anitsitsaninso chosonyeza mlingo wa batire. Pa mabatire a LFP mphamvu ya magetsi imakhala pafupifupi yofanana mpaka chakumapeto, motero chosonyeza chotchipa cha timizere chimanena kuti batire ladzaza kwa nthawi yaitali, kenako n'kugwa mwadzidzidzi. Chowerengera maperesenti kuchokera ku BMS, kachipangizo koyang'anira batire, ndi chodalirika.

Mabuleki ayeseni pamalo opanda anthu. Ikani mwala pambali pa msewu, fikani pamenepo pa liwiro la makilomita 40 pa ola, gwirani mabuleki onse awiri mwamphamvu, kenako werengani masitepe kuchokera pamwala mpaka pamene mwaima. Chitani chimodzimodzi ndi njinga inayo. Buleki ya disiki kutsogolo ndi yofunika, ndipo ngati pali ABS, imene imaletsa gudumu kukanirira pamsewu wonyowa, ndalama yowonjezerayo siinapite pachabe.

Mukatsika, gwadani muone mmene njinga inapangidwira. Mvula ya pakati pa November ndi March imadzaza misewu ya Harare ndi madzi obisa maenje, choncho funsani nambala ya IP ya batire, mota ndi controller. IP65 imatanthauza kuti fumbi sililowa ndipo madzi opopera sawononga, pomwe IP67 imatanthauza kuti chinthucho chingamire mita imodzi kwa mphindi 30 osalowa madzi. Ngakhale zili choncho, madzi amalowera kwambiri pa zolumikizira mawaya. Tsatirani mawaya ndi chala. Zolumikizira zabwino zimakhala ndi mphira wotseka ndipo zimamangidwa pamalo okwera, pomwe zoipa zimakulungidwa ndi tepi n'kumalendewera pafupi ndi gudumu. Onani zowotcherera za felemu, makamaka pamene pagwira kaliyala ndi pamene pagwira ma shock, ngati zili zosalala ndi zopitirira kapena zamabowo.

Kutchaja kuyenera kugwirizana ndi magetsi a ZESA monga mmene alili kwanuko. Tchaja ya 10A imadzaza batire la 40Ah m'maola anayi kapena asanu, pamene ya 5A imafuna usiku wonse, ndipo m'nyengo imene madzi achepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi n'kumabwera usiku wokha, kusiyana kumeneku kumaweruza ngati mawa mupita kuntchito. Batire lochotseka limathandiza amene amachita lendi chipinda ndipo alibe soketi panja. Ku Kigali kampani ya Ampersand, ndiponso Spiro m'mayiko monga Benin, Togo ndi Kenya, zimagwiritsa ntchito malo osinthira mabatire, kumene wokwera amasiya lotha ndi kutenga lodzaza. Ngati wina akulonjezani zotere kuno, pitani mukaone malowo ndi maso anu, muwerenge kuti alipo angati pa njira zanu. Kunyumba, mita ya magetsi olipiriratu ikhoza kukuuzani zoona za batire: zimitsani zina zonse, lembani mayunitsi musanatchaje ndi mutatchaja, ndipo gawani ndi makilomita amene munayenda. Ndikupemphani kwambiri, abale anga, musatchajire batire m'chipinda chimene ana akugona kapena pakhomo potulukira, ndipo musagwiritse ntchito tchaja ya njinga ina ngakhale pulagi yake italowa.

Chotsala ndi zipangizo zosinthira pamodzi ndi mapepala. Njinga zamagetsi zimatha kupirira ulendo wautali: mu 2024 njinga ya Roam Air, yopangidwa ku Nairobi, inayenda pafupifupi makilomita 6,000 mpaka ku Stellenbosch ku South Africa, mabatire ake akutchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Koma m'chaka chomwecho kampani yotchuka ya Energica ya ku Italy inagwa, ndipo dzina lake silinathandize eni njinga ofuna zosinthira. Choncho pemphani kuona controller, tchaja, mapadi a mabuleki ndi handulo yopatsira moto zili pashelefu, ndipo funsani mtengo wa batire latsopano lero lomwe, chifukwa ndi limene lili ndi gawo lalikulu la mtengo wa njinga yonse. Onani nambala ya felemu ngati ikugwirizana ndi ya pa mapepala a ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, kuti njinga ilembetsedwe, ipatsidwe nambala, inshuwalansi ndi chiphaso cha ZINARA, bungwe loona za misewu. Njinga zina zopepuka zinapangidwira masewera a m'tchire ndipo zilibe nyali zokhotera kapena magalasi. Inu nomwe mufunika laisensi ya njinga yamoto, imene ambiri kuno amaitchula kuti Class 3. Pa chitsimikizo cha batire, wogulitsa alembe zaka kapena makilomita amene akulonjeza, mlingo wa kufooka umene adzavomere kuti asinthe batire, dzina la galaja yokonzera, ndi masiku amene kukonzako kudzatenga, kenako asaine ndi kudinda chidindo musanapereke ndalama.